Mankhwala opopera a timibulu: amapangidwa bwanji, nanga bwanji akutsalira pansi pa sipuleya?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu: "Zikomo alangizi. Ndimalima tomato ndi kachewere, kudimba komanso nthawi ya dzinja. Zaka zonsezi ndakhala ndikupopera Dithane wa ufa uja poteteza chiwawu. Chaka chino wa m'sitolo anandiuza kuti nditenge Ridomil Gold, koma nditatsegula paketi ndinapeza timibulu, osati ufa. Papaketi palembedwa 68 WG. Mnzanga wina akuti timibulu sathira m'madzi, amangowaza m'tsinde ngati feteleza. Wina akuti anandigulitsa achinyengo, chifukwa ndikathira m'madzi sasungunuka, madzi amangochita mbuu, ndipo ndikamaliza kupopera pansi pa sipuleya pamatsala matope. Nozulo nayo ikumatsekeka. Kodi mankhwala amenewa amawapanga bwanji? Ndi ofooka kuyerekeza ndi a ufa? Kapena ndapusitsidwa?"

Mayi, mtima m'malo. Pa zonse mwalembazi sindikuona chosonyeza kuti anakugulitsani mankhwala achinyengo. Madzi kuchita mbuu ndi mmene mankhwala amenewa amakhalira akakhala abwino, ndipo matope otsalira pansiwo ali ndi zifukwa zake, zambiri mwa izo mungathane nazo nokha kudimba komweko. Koma langizo la mnzanu woyamba uja ndilikaniretu: timibulu timeneti musawaze m'tsinde. Mukatero ndalama zapita, chiwawu chidzalowa ngati simunapopere n'komwe, ndipo nkhuku zanu zidzatola poyizoniyo.

Mnzanuyo sikuti akunama dala. Alipodi mankhwala a timibulu othira ouma, ena m'nthaka, ena m'nsonga ya chimanga polimbana ndi kapuchi. Amenewo papaketi amalembapo GR, ndipo mbali yaikulu ya kambulu kalikonse ndi mchenga kapena dongo, mankhwala enieniwo n'ngochepa. Anuwo ndi mtundu wina. Zilembo ziwiri zimene zimatsatira dzina la mankhwala n'zogwirizana m'maiko ambiri, ndipo zimakuuzani mmene mankhwalawo anakonzedwera. WP ndi ufa wothira m'madzi, monga Dithane M-45 wanu uja. EC ndi amadzimadzi onunkha mafuta, oyeretsa madzi ngati mwathiramo mkaka, monga cypermethrin. SC ndi amadzimadzi olemera, ofunika kukhutchumula botolo musanathire. SG ndi timibulu tosungunukiratu. WG ndi timibulu tomwazikana m'madzi. Mapaketi ena, makamaka ochokera ku America, amalemba WDG kapena DF, koma chinthu chake n'chimodzimodzi.

Nambala 68 ikutanthauza kuti pa kilogalamu iliyonse, magalamu 680 ndi mankhwala enieni. Mwa amenewa, magalamu 640 ndi mancozeb, ndipo 40 ndi metalaxyl-M. Tamvani bwino pamenepa: mancozeb ndi mankhwala omwewo ali mu Dithane. Ndiye kuti simunasiye amene munawazolowera, angokuwonjezerani mnzake. Mancozeb amakhala pamwamba pa tsamba kulondera kuti chiwawu chisalowe, pomwe metalaxyl-M amalowa m'kati mwa mbewu n'kuyenda ndi madzi ake. Funso lakuti kaya ndi ofooka layankhidwa pomwepo. Mphamvu ya mankhwala ili mu dzina la chimene chili m'katimo ndi muyeso wake, osati poti ndi ufa kapena timibulu.

Nanga magalamu 320 otsalawo n'chiyani? Apa mpamene pagona yankho la funso lanu lonse, tsono ndikhalitsapo pang'ono.

Mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi matenda a mbewu sagwirizana ndi madzi. Mancozeb weniweni mutamuthira m'ndowa sangasungunuke ngakhale mutatakasa tsiku lathunthu. Shuga mukamuthira m'madzi amasowa, madzi n'kukhalabe oyera, ndipo sabwereranso pansi. Ufa wa chimanga mukauvundula m'madzi ozizira susowa, umangoyandama m'katimo, madzi n'kuchita mbuu, ndipo mukauleka umakhazikika pansi. Mankhwala a WG ali mbali ya ufa. Ntchito yonse ya opanga ndi kuchititsa kuti tizidutswa ta mankhwalawo tiyandame m'madzi nthawi yokwanira kuti inu mupopere, tisakumbatirane, tisatseke nozulo, ndipo dontho lililonse lotuluka likhale ndi mphamvu yofanana ndi linzake.

Choyamba amapera mankhwalawo kuti asalale kwambiri. Sagwiritsa ntchito chigayo ngati chathu. Chodziwika kwambiri ndi makina ouzira mpweya wamphamvu, womwe umawombanitsa tizidutswa tokhatokha mpaka titaphwanyikaphwanyika. Ena amapera ali m'madzi, m'thanki yodzaza ndi timikanda tolimba tozungulira mothamanga. Amafuna kuti kachidutswa kalikonse kachepe kufika pa ma micron ochepa chabe, kawirikawiri osapitirira 10. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000, ndipo tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Kusalala kotereku kuli ndi phindu pawiri. Kachidutswa kakachepa ndi theka, kamamira pang'onopang'ono kanayi kuposa kanzake. Komanso tizidutswa tambirimbiri tating'ono timaphimba tsamba bwino kuposa tochepa tikulutikulu.

Vuto lake n'lakuti ufa wosalala chonchi umakana madzi. Umayandama pamwamba uli wouma, ndipo ukanyowa umaumbana. Pachifukwa ichi amasakanizamo zothandizira. China ndi chonyowetsa, cha mtundu wa sopo, chomwe chimatsegulira madzi njira yolowera pakati pa tizidutswa. China, chomwe ndi msana wa mankhwala a WG, ndi chomwazitsa. Chimenechi chimamatira pa kachidutswa kalikonse n'kukapatsa mphamvu yokankhana ndi tinzake, moti tikayandikana timathawana m'malo mogwirana. Chomwazitsa chofala kwambiri ndi lignosulfonate, amene amachokera ku zotsalira za mitengo m'mafakitale opanga mapepala. Ndi wa mtundu wofiirira, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwala ambiri a timibulu amaoneka oderako ndi kudetsa madzi. Amaikamonso chodzazira, monga dongo loyera lotchedwa kaolin, kuti muyeso ukwane. Mumakhala chomatira chogwirizitsa kambuluko, chophulitsa monga sitachi kapena mchere wina wosungunuka msanga kuti kambulu kagumuke kakangokhudza madzi, ndi kachinthu kochepa koletsa thovu.

Mukaona bwino, opanga amafuna zinthu ziwiri zotsutsana. Kambuluko kalimbe kuti kapirire ulendo wa pa sitima, m'lole, pa kabaza mpaka kufika ku Tsangano kasanasanduke fumbi. Koma kakangogwa m'madzi kagumuke m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Akachulutsa chomatira, timibulu timamira tathunthu n'kukhala pansi. Akachichepetsa, mumalandira paketi ya fumbi. Luso la kampani limaonekera pamenepa, ndipo n'chifukwa chake mapaketi awiri olembedwa mankhwala ofanana ndi nambala yofanana angathe kusiyana kwambiri akafika m'ndowa.

Kuumba timibuluto kuli ndi njira zingapo, ndipo mungathe kuzindikira njira imene anagwiritsa ntchito pongoyang'ana. Thirani pang'ono papepala, osati pa dzanja, muone. Mukaona timizere tifupitifupi todukaduka, tonenepa mofanana, dziwani kuti ufawo anaukanda ndi madzi pang'ono mpaka unakhala wofewa, kenaka makina anaukankha kudutsa pa sefa yachitsulo ya timabowo ta pafupifupi milimita imodzi, n'kuumitsa. Njira imeneyi ndi yofala chifukwa siwononga ndalama zambiri, ndipo timibulu take ndi tolimba, ngakhale nthawi zina timachedwerako kugumuka. Mukaona timibulu tozungulira tosiyanasiyana kukula, mwina anaumba pa chimbale chachikulu chopendekeka chomwe chimazungulira uku akuwaza madzi pa ufawo, ufa n'kumagubuduzika ukudziunjika. Njira ina, yodula, ndi yopera mankhwala m'madzi n'kuwapopera m'chithanki chachitali momwe mukuwomba mpweya wotentha. Madontho amauma ali m'malere n'kugwa ali timibulu ting'onoting'ono, kapena amapopera pa tizidutswa toyandamitsidwa ndi mpweyawo kuti tizikula pang'onopang'ono. Timibulu ta njira zimenezi timakhala ndi timphako tambiri m'kati, madzi amalowa msanga, ndipo timaphulika tisanafike n'komwe pansi pa ndowa. Pomaliza amaumitsa mpaka chinyezi chitatsala chochepa zedi, kenaka amasefa, kuchotsa fumbi ndi zibulumwa.

Kuumitsako nakonso n'kofunika kusamala, chifukwa kutentha kukapyola timibulu timalimbiratu ndipo mankhwala ena amawonongeka. N'chifukwa chakenso si mankhwala onse angapangidwe mosavuta m'njira imeneyi. Amene mwachibadwa ndi amadzimadzi kapena amafewa pakangotentha pang'ono, monga cypermethrin, kawirikawiri amabwera ngati EC.

Mwina mungafunse kuti anavutikiranji chonsecho popeza ufa unalipo kale. Inu nomwe mukudziwa chimene chimachitika mukatsegula paketi ya Dithane kukuwomba kamphepo. Fumbi lachikasu limakwera kumaso, m'mphuno, pa chitenje, ndipo nthawi imeneyi ndi imene mlimi amakumana ndi mankhwala asanasungunulidwe, ali ndi ukali wake wonse. Timibulu tinabwera kudzachepetsa fumbi limenelo. Tinayamba kufala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makamaka pa mankhwala opha udzu monga atrazine ndi metribuzin, kenaka kampani ya DuPont inatulutsa mankhwala a gulu la sulfonylurea, amene magalamu ochepa chabe amakwanira hekitala yathunthu. Ubwino wina ndi wakuti mulibe mafuta onunkha aja a mu EC, omwe amatha kuwaula masamba dzuwa likamaswa mtengo ndiponso amathandiza poyizoni kulowa pakhungu. Timathirika bwino, ndipo paketi imatsala yoyera. Kuipa kwake, n'ngodulirapo kupanga, amaopa chinyezi kwambiri, ndipo poti ambiri ndi okhathamira mphamvu, kulakwitsa muyeso pang'ono kumakhala kulakwitsa kwakukulu.

Tsopano tibwere ku matope anu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda m'madimba, chifukwa chimene ndimachipeza kawirikawiri ndi ichi: mlimi amathira timibulu mu sipuleya youma, kapena ya madzi ochepa pansi, kenaka n'kudzaza madzi pamwamba. Timibulu tikaunjikana pakona timanyowa kunja kokha, timamatirirana n'kukhala phala lolimba, ndipo madzi obwera pambuyo sangalimasule. Kambulu kalikonse kamafuna madzi ambiri okazungulira kuti kaphulike. Chitani chonchi. Khalani ndi kandowa kosungira ntchito imeneyi yokha, kosatungira madzi akumwa. Thiranimo madzi oyera lita imodzi kapena awiri, muziwazamo timibulu pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi kamtengo. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, mutakasenso. Mu sipuleya mukhale mutathira kale madzi theka. Tsanulirani mankhwalawo kudzera pa sefa ya pakamwa pa sipuleya, tsukuluzani kandowako n'kuthiramonso, dzazani madzi kufika pa mzere, tsekani, khutchumulani. M'miyezi ya June ndi July, madzi a ku Ntcheu ndi ku Dedza akazizira ngati achokera m'firiji, timibulu timachedwa kugumuka, tsono onjezani nthawi yodikira.

Sefa ya pakamwa ija ambiri amaichotsa ati imachedwetsa. Musaichotse, ndipo kasefa kakang'ono ka kumbuyo kwa nozulo kazitsukidwa tsiku lililonse lopopera. Nozulo ikatsekeka musauzire ndi pakamwa, ndiponso musatokose ndi waya kapena singano, chifukwa bowo likakula sipuleya imayamba kutaya mankhwala ochuluka. Itsukeni m'madzi ndi mswachi wakale kapena kaudzu kofewa.

Chifukwa chachiwiri ndi kuleka sipuleya ili chikhalire. Ngakhale mankhwala abwino bwanji, tizidutswa timamira ndithu pang'onopang'ono. Mukamayenda ndi sipuleya kumsana madzi amagwedezeka okha, koma mukaitsitsa kuti mukadye nkhomaliro kapena mukayamwitse mwana, pobwera khutchumulani kaye. Mukapanda kutero mizere ina idzalandira mankhwala okhathamira, ina madzi okhaokha, ndipo chiwawu chidzayambira kumene kunapita madziko. Musasakanize mankhwala oti agone. Yesani okwanira tsikulo basi.

Chachitatu ndi kusakaniza. Ndikudziwa kuti alimi ambiri a tomato amaphatikiza mankhwala a chiwawu, a mbozi ndi feteleza wopopera m'masamba mu sipuleya imodzi kuti ayende kamodzi. Ndondomeko ikasokonekera, matope ndi osapeweka. Mukayamba kuthira a EC, mafuta ake amakuta timibulu, madzi amalephera kulowa, ndipo mumapeza timabulu tonata totseka sefa. Mukayamba ndi feteleza, mchere wake umafooketsa chomwazitsa chija, tizidutswa n'kugwirana. Ouma amayamba: WG ndi WP, amwazikane kaye bwinobwino. Kenaka SC, kenaka EC, ndipo zomatitsa ndi feteleza zibwere pomaliza. Koma yambani mwawerenga lebulo ngati likulola kusakanizako. Ndipo Ridomil Gold wanuyu musamuphatikize ndi Dithane, chifukwa mukhala mukuthira mancozeb kawiri popanda phindu.

Madzi nawonso ali ndi mbali yake. A pachithaphwi kapena mumtsinje nthawi ya mvula amabwera ndi dothi lawolawo, ndipo matope ena mukuwaonawo mwina si mankhwala n'komwe. Atungeni dzulo lake adikhe, musefe pa nsalu. Madzi a pamjigo a mchere, ovuta kuchita thovu ndi sopo, monga amapezekera m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amachepetsa mphamvu ya chomwazitsa, tsono amafuna kukhutchumula pafupipafupi.

Ngati zonsezi mwakonza koma vuto likupitirira, tiyang'ane mankhwalawo. Pali kayesedwe kosavuta komwe ndimakonda kuonetsa alimi. Tengani botolo loonekera m'kati la theka la lita, loti mudzaliboola n'kulitaya pambuyo pake, mudzaze madzi oyera kusiya kampata. Thiranimo timibulu tochepa, kansonga ka supuni yoyezera, musagwedeze, muyang'anitsitse. Timibulu tabwino timanyowa nthawi yomweyo. Tikamamira, kalikonse kamasiya kamzere ngati utsi kumbuyo kwake, ndipo tofika pansi timafufuma n'kugumuka. Tsekani botololo mulitembenuze chadodolido kangapo, modekha. Madzi onse achite mbuu mofanana, popanda timibulu tathunthu toyendayenda. Kenaka liimikeni pamthunzi kwa mphindi 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukabwera, madzi akhale akadali mbuu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi kansenga kochepa kofewa komwe kakudzuka mukangotembenuza kawiri kapena katatu. Koma mukapeza pamwamba payera mbee, pansi pali chimatope cholimba kapena mchenga wokhakhala, mankhwalawo awonongeka kapena si enieni.

Kayesedwe kameneka kakufanana ndi kamene amachita m'malabotale. Njira zake zinakhazikitsidwa ndi CIPAC, bungwe la akatswiri oyeza mankhwala ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo ndi zimene FAO ndi WHO, nthambi za United Nations zoona za ulimi ndi zaumoyo, amatsata polemba miyezo ya mankhwala. Amaimika mankhwala osakaniza kwa mphindi 30 n'kuyeza kuti oyandama atsala ochuluka bwanji, ndipo kawirikawiri safuna kuti achepere 60 pa 100 alionse. Amawatsanulira pa sefa ya ma micron 75 kuona zotsalira zimene zingatseke nozulo. Amayeza thovu ndi fumbi. Amawasunganso pa kutentha kwa madigiri 54 kwa masiku 14 pofuna kuona mmene adzakhalire akakhalitsa m'sitolo. Botolo lanu silingakuuzeni ngati mankhwala enieni alimo okwanira, limangoonetsa ngati akumwazikana. Komabe achinyengo ambiri amagwera pomwepa, chifukwa kupaka dongo utoto n'kosavuta, koma kupanga kambulu kophulika bwino kumafuna makina ndi luso.

Mankhwala enieni nawo amawonongeka tikawasunga molakwika. Timibulu timakoka chinyezi. Paketi yotsegula ikagona usiku umodzi wa mvula ya January ili pululu, mawa lake mupeza yayamba kuumbana, ndipo chibulumwa chotere ngakhale mutachiphwanya sichimwazikananso ngati poyamba. Mancozeb payekha amawonongeka ndi chinyezi pamodzi ndi kutentha. Mukatapa, finyani mpweya, pindani kukamwa kwa paketi, mangani ndi mphira, muike m'chigubu chotseka bwino ali m'paketi yake yomweyo, kutali ndi chakudya, kutali ndi ana, osati pafupi ndi denga la malata. Musasanjikepo katundu wolemera. Pogula, gwedezani paketi pafupi ndi khutu. Timibulu touma timachita waya-waya momasuka. Onani tsiku limene anapangidwa, chifukwa mankhwala ambiri amawapatsa zaka ziwiri. Ndipo mankhwala otapidwa m'timapepala ta pulasitiki topanda lebulo, ogulitsidwa pamsika pambali pa mankhwala a makoswe, musagule ngakhale atatchipa bwanji. Simungadziwe dzina, muyeso, ngakhale tsiku lake.

Za muyeso ndinenepo mwamphamvu. Supuni imene munkayezera Dithane isakunamizeni. Ufa ndi timibulu sizilemera mofanana pa supuni imodzi, ndipo ngakhale timibulu ta makampani awiri timasiyana, tina n'tolemera, tina n'ta mphako. Muyeso woona ndi wa magalamu. Ngati m'paketi munabwera kachikho koyezera, kagwiritseni ntchito pa mankhwala okhawo. Ngati mulibe, pemphani wa sitolo kapena alangizi akuyezereni kamodzi pa sikelo yaing'ono muyeso wa sipuleya imodzi, muuthire m'kachikho kanu, mulembe mzere. Onetsetsaninso kukula kwa sipuleya yanu. Tiyerekeze kuti lebulo lanena magalamu 50 pa malita 20, inu yanu ndi ya malita 16: muyenera magalamu 40, osati 50. Izi zimafunika kwambiri pa mankhwala monga Actara 25 WG kapena Confidor 70 WG, opha nsabwe za m'masamba, amene sipuleya yathunthu imangofuna magalamu owerengeka. Ndipo ngati mudzagule mankhwala opha udzu a timibulu, akhale ndi sipuleya yawoyawo. Ena mwa iwo ndi amphamvu moti kotsalira kosaoneka ndi maso m'paipi kangathe kupiringiza tomato wa dimba lonse.

Chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti poti timibulu sitifuka ndiponso sitinunkha kwambiri, anthu amatiyesa tofatsa. Ndaonapo anthu akutapa ndi manja, thukuta lili m'zikhatho. Thukuta ndi madzi, ndipo kambulu kamayamba ntchito yake pomwepo pakhungu. Akalowa mu sipuleya, mankhwala a WG ndi poyizoni chimodzimodzi ndi a ufa. Mancozeb amayabwitsa khungu ndi maso, ndipo maiko a European Union anakana kumupatsanso chilolezo mu 2020 poopa kuti angavulaze mwana wosabadwa. Ngati ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa, ntchito yosakaniza ndi kupopera musiyire wina. Thiamethoxam wa mu Actara ndi imidacloprid wa mu Confidor amapha njuchi, ndipo ku European Union komweko analetsa kuwagwiritsa ntchito panja mu 2018. Musapopere amenewa pa mbewu zimene zachita maluwa njuchi zikuyendera. Valani magolovesi a pulasitiki kapena mphira, osati a nsalu, malaya a manja aatali, jombo ndi chophimba kukamwa ndi mphuno. Poperani m'mawa kapena madzulo mphepo itadekha, mukatha musambe ndi sopo, zovalazo muchape pazokha. Masiku odikira musanathyole tomato alembedwa pa lebulo, ndipo muwasunge ngakhale ogula atafika ndi mabasiketi pa dimba.

Ridomil musamusandutse wa sabata iliyonse. Chiwawu chimazolowera metalaxyl msanga. Ku Ireland ndi ku Netherlands zimenezi zinaoneka pa mbatatesi mu 1980, patangopita zaka zochepa mankhwalawa atatuluka, nthawi imene ankapoperedwa okha, ndipo n'chifukwa chake masiku ano amabwera ophatikizidwa ndi mancozeb. Malangizo ambiri amati kawiri mpaka kanayi pa mbewu imodzi. Mugwiritseni ntchito mbewu ikamakula mwamphamvu ndiponso nyengo ikakhala ya mitambo, nkhungu ndi mvula yamawawa, matenda asanafalikire, ndipo pakatipo muzibwerera ku Dithane kapena kopa. Munda ukapsa kale theka, palibe timibulu kapena ufa umene ungaudzutse.

Mukayesa m'botolo muja mankhwala n'kulephera, kapena mukaona lebulo lofufutika, lopanda nambala ya kalembera, lopanda tsiku, musawapopere ndipo musawataye m'dzenje kapena mumtsinje. Sungani paketi ndi lisiti, mubwerere nazo kusitolo, mudziwitsenso alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Bungwe loyang'anira mankhwala otere m'dziko muno ndi Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe, ndipo ndi limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa motsatira lamulo la mu 2000. Muli ndi ufulu wofunsa wa sitolo kuti akuonetseni chiphaso chake. Ngati mankhwala akumwazikana bwino, muyeso ndi wolondola, koma matenda sakuleka mutapopera kawiri, tengani masamba odwala mukawaonetse alangizi musanagule paketi ina. Kufota kwa tomato kobwera ndi tizilombo ta m'nthaka, kupiringizika kwa masamba, ngakhale kangaude wofiira, anthu ambiri amangozitcha chiwawu, koma Ridomil sazichiza.

Wina akameza mankhwalawa, kapena atapopera n'kuyamba chizungulire, kusanza, kubanika, kapena maso kuwawa osaleka, musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa. Muvuleni zovala zonyowa ndi mankhwala, mumusambitse, maso muwatsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo muthamange naye kuchipatala mutatenga paketi ija kuti adokotala awerenge dzina la mankhwala ali m'katimo.